Khungu lobiriwira la tizidole ta Ork likutuluka lotuwa

Wa ku Matawale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kupenta tizidole ta masewera a nkhondo. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira tizidole ta Ork (zilombo zankhondo za khungu lobiriwira) ta masewera otchedwa Warhammer 40,000, pamodzi ndi penti wopakira tizidole wotchedwa Citadel wa mitundu iwiri yobiriwira, Waaagh! Flesh (woderapo) ndi Warboss Green (wowalirapo). Ndikapaka, khungu likumabiriwira mofanana paliponse, moti minofu ndi makwinya a kumaso sizikuoneka, ndipo ndikasakaniza ndi penti woyera kuti malo otukuka awale, mtundu wonse ukumatuwa. Kodi ndichite chiyani, poti penti wa mtunduwu sindinamuonepo m'masitolo a kuno ku Zomba?

Wa ku Chinamwali:
Achimwene, chakupwetekani ndi penti woyerayo. Mtundu wobiriwira umawala bwino ndi wachikasu, chifukwa chikasu chili kale m'kati mwake, pamene woyera amangoupha mphamvu. Yambani ndi Waaagh! Flesh thupi lonse. Kenako tengani penti yemweyo, mudontheze pang'ono chabe wofiira kapena wachibakuwa, mumusungunule ndi madzi, n'kumulowetsa m'makwinya, kunsi kwa chibwano ndi pakati pa zala. Wakuda musamugwiritse ntchito pamenepa, chifukwa amadetsa khungu. Warboss Green apite pa minofu yotukuka yokha, ndipo pomaliza muwonjezere chikasu pamphumi, pamasaya ndi pamapewa. Taonani bango limene layamba kupsa mumtengo: mbali yoyang'ana dzuwa imayamba chikasu, yamumthunzi n'kukhalabe yobiriwira kwambiri. Wofiira ndi wachikasuyo sakuyenera kukhala wa Citadel ayi. Penti aliyense wa akiliki (acrylic, uja wosungunula ndi madzi) wa anthu ojambula zithunzi amasakanizika naye, bola asakhale wa mafuta.

Wa ku Domasi:
Zimene anena bambo a ku Chinamwali n'zoona, koma ndiwonjezepo za nyengo. Mwezi wa Okutobala penti wa akiliki amauma pa bulashi musanafike n'komwe pa kachidole, ndiye munthu amayamba kupaka wokhuthala, amene amakwirira makwinya a kachidole kotalika mamilimita pafupifupi 30 okha. Ine ndimayala kansalu konyowa m'kabokosi ka pulasitiki, pamwamba pake n'kuikapo pepala lophikira makeke, ndipo penti amakhala wofewa nthawi yaitali. Mupake wopyapyala kawiri kapena katatu, wina akauma kaye.

Wa ku Chikanda:
Ngati achimwene anuwo angatumizenso katundu, muwauze za penti wa mtundu wa Contrast amene Games Workshop, kampani yopanga tizidoleti ndi penti wa Citadel, inatulutsa mu 2019. Pali wina wotchedwa Ork Flesh, amene amatsikira yekha m'makwinya mukamupaka pamwamba pa penti woyera kapena wotuwira. Amathandiza pamene tizidole tachuluka, ngakhale ine ndimaona kuti pa mtsogoleri wa gulu njira ya bambo a ku Chinamwali ndiyo imakongoletsa. Musaiwalenso kupaka kofiirira pang'ono pamlomo wam'munsi ndi kunsonga kwa makutu, kuti khungulo lioneke kuti lili ndi magazi.