Msilikali wa Cherokee wopezeka mbali zonse ziwiri za nkhondo

Wofunsa: Akuluakulu anzanga pa ntchitoyi, ndikulondola mzere wa makolo a banja lina la mtundu wa Cherokee ku Oklahoma, m'dziko la America, ndipo ndikufuna nzeru zanu. Kholo lawo linalembedwa mu 1861 m'gulu la asilikali la John Drew, lomwe linali mbali ya Confederate (zigawo za kum'mwera zomwe zinagalukira boma) pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, koma dzina lofananako, losiyana kalembedwe pang'ono, likupezekanso m'gulu la asilikali la Third Indian Home Guard la mbali ya Union (boma lalikulu la America) kuyambira 1862. Eni banja akuti amenewa ndi anthu awiri. Ndingatsimikize bwanji?

Woyankha woyamba: Mayi, musafulumire kuwagawa pawiri. Amuna ambiri a m'gulu la Drew anali otsatira mfumu yaikulu John Ross ndipo mtima wawo sunali pa Confederate, mwakuti ena anathawa mu Disembala 1861, enanso ochuluka nalowa mbali ya Union asilikali ake atafika m'dziko la Cherokee m'katikati mwa 1862. Kusiyana kwa kalembedwe kusakusokonezeni, pakuti alembi a usilikali ankalemba mayina monga anawamvera.

Woyankha wachiwiri: Ndikugwirizana ndi bambowa, koma kaundula wa usilikali payekha sathetsa nkhaniyi, chifukwa kawirikawiri satchula makolo kapena mkazi wa msilikali. Itanitsani fayilo ya penshoni ya Union ku National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za boma, ku Washington. Ngati iye mwini kapena mkazi wake wamasiye anapempha penshoni, mudzapezamo maumboni olumbirira a anzake a kunkhondo, ndipo nthawi zambiri mboni zinkafotokoza mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo. Penshoni ya Confederate musaifune kumeneko, pakuti boma lalikulu silinkalipira. Oklahoma inayamba kulipira yake mu 1915.

Kenaka onani mafomu a Guion Miller a pakati pa 1906 ndi 1909, omwe anthu a mtundu wa Cherokee ankalemba popempha gawo la ndalama za chipukuta misozi zochokera ku boma. Fomuyo inkafunsa dzina la Chingelezi ndi la Cherokee, la wopemphayo, la makolo ndi la agogo ake, ndipo ine ndimaikhulupirira kwambiri pa vuto ngati lanuli.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Khadi la Dawes (la kalembera wa boma wa anthu a mtunduwu oti agawiridwe malo) la mwana wamkazi wa msilikaliyo ndili nalo kale, ndipo likutchula dzina la bambo ake. Ndiliyerekeza ndi fomu ya Miller ndi fayilo ya penshoni, ndipo banjali ndiliuza kuti lidikire mpaka zikalata zitatuzi zitagwirizana pa dzina la mkazi wake ndi dera limene ankakhala.