Tsiku la ngozi ija layandikiranso, anzanga mumapirira bwanji?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Sabata yamawa zikwana zaka 3 chichitikireni chigumula chomwe chinatenga anthu ambirimbiri usiku umodzi, ndipo mchemwali wanga anali m'gulu la omwe anapita. Thupi lake sitinalipeze mpaka lero.

Miyezi ina ndimalimba ndithu, ndimagwira ntchito, ndimaseka ndi anzanga. Koma mwezi uno ukangoyamba, thupi limakumbukira lokha ndisanayang'ane n'komwe pa kalendala. Tulo sitibwera, kudya sikulowa, ndipo mvula ikayamba kugunda padenga ndimadzambatuka n'kukaima pakhomo mtima uli phaphapha. Pa Facebook napo zithunzi za tsikulo zimayamba kubwerera. Ogawanawo amachita ndi mtima wabwino, ndikudziwa, koma ine zimandilasa.

Chondivuta kwambiri n'chakuti malirowa ndi a tonse. Pamwambo wachikumbutso amatchula chiwerengero cha omwalira, pomwe ine ndikulira munthu mmodzi, yemwe nsapato zake zikadali pansi pa bedi. Komanso ndikapanda kupita, ndimadziona ngati ndamutaya kachiwiri.

Inu amene munadutsamo, mumapita kumwamboko kapena mumakhala panokha? Nanga mwana wake wazaka 8, yemwe wayamba kufunsa komwe kuli manda a amayi ake, ndimuyankhe chiyani?