Nyumba zathu za ku Blantyre, tikafera kuno zidzakhala za yani?

Bambo a Chisomo, Joni: Abale anga, nkhani ya mnzathu uja tinasonkhera mtembo wake yavuta. Achimwene ake asintha maloko panyumba ya ku Machinjiri, mlamu ndi ana ali kwa makolo ku Bangwe. Choipa kwambiri, mapepala a poloti ali m'dzina la achimwenewo. Malemu ankangotumiza ndalama pa Mukuru, iwo n'kumagula, n'kumasayina.

Mayi a Tamanda, Cape Town: Mayo ine! Malata onse aja?

Achimwene Ndirande, Durban: Ambirife tili momwemo. Poloti yanga ya ku Chirimba anagula ndi amalume, ine ndinangoona chithunzi cha njerwa.

Anambewe, Leeds: Achimwene, mukapita pa Khirisimasi musayambe ndi phwando. Yambani kwa amene anagawa malowo, kaya ndi khonsolo ya mzinda, Malawi Housing kapena a Lands, mukaone ndi maso anu dzina lomwe lili m'kaundula. Ngati ndi la amalume, asinthe muli pompo. Malisiti otumizira ndalama musataye, mlamu wa ku Bangweyo umboni wake wagona pamenepo.

Bambo a Chisomo, Joni: Ndiye apite kupolisi?

Anambewe, Leeds: Apite, komanso kwa a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Munthu akafa opanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Koma pa nyumbayo padzavuta, chifukwa khoti liyenera kukhutira kaye kuti inalidi ya malemu.

Che Jafali, Joni: Zolemba wilo ine ayi. Kumeneko n'kudziitanira imfa.

Mayi a Tamanda, Cape Town: Nanga inshuwalansi ya maliro (funeral cover) mumalipira mwezi ndi mwezi ija yakuphani, Che Jafali? 😂

Che Jafali, Joni: Mwandigwira pakamwa, mayi.

Anambewe, Leeds: Wilo si ya anthu a ku Nyambadwe okha. Mumalemba, n'kusayina pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisayine. Mbonizo zisakhale anthu omwe mwawapatsa kanthu m'wiloyo. Osaisiya m'sutikesi kuno kunja. Kasungitseni kwa loya kapena kubanki ku Blantyre, ndipo akunyumba adziwe kumene ili.

Achimwene Ndirande, Durban: Ana anga wamkulu ali sitandade 4. Ndikalemba kuti nyumba ndi yawo, adzatolera lendi ndani? Amalume omwewo?

Bambo Phiri, Dublin: Apa ndiye pofunika trust. M'wilo momwemo mumanena kuti nyumba idzagwiridwa ndi anthu akutiakuti m'malo mwa ana, lendi izilipira fizi ndi chipatala, ana akadzafika zaka zomwe mwatchula adzapatsidwe. Oyang'anirawo nyumba si yawo, akadya ndalama khoti litha kuwachotsa n'kuwalamula kubweza. Ine ndinaika awiri, wina wa kwathu wina wa kwa mayi a ana, dala, anthu oti sangagwirizane zoba. Ndinalembetsanso kuti lendi izilowa ku akaunti yosayina onse awiri, kuti chaka chilichonse azionetsa mkazi wanga mmene ndalama zayendera, ndiponso kuti nyumba isagulitsidwe wamng'ono asanakwane zaka 21. Izi zokha pitani kwa loya, musalembe nokha.

Mayi a Tamanda, Cape Town: Achibale akamva kuti mwaikamo wa kuchikazi sakwiya?

Bambo Phiri, Dublin: Anakwiya. Ndinawauza ndili moyo, pamaso pa ankhoswe, mkwiyowo unathera pa ine osati pa ana.

Che Jafali, Joni: Ine ndinapatsa mng'ono wanga power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu zondiyendetsera zinthu. Sizokwanira?

Bambo Phiri, Dublin: Imeneyo imagwira ntchito muli moyo basi. Mukatsikira kuli chete nayonso yatha. Kuchokera pamenepo woyendetsa chuma ayenera kukhala ndi kalata ya khoti.

Mayi a Tamanda, Cape Town: Musaiwale za kuno. Ndalama za kubanki ya ku South Africa zimadzera kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, ndipo gawo la ana aang'ono litha kusungidwa ku Guardian's Fund, thumba lomwe ofesiyo imasungiramo ndalama za ana mpaka akule. Amene muli pa penshoni kuntchito, kaoneni fomu ya olandira. Ena munalemba mayi anu musanakwatire, mpaka lero simunasinthe.

Bambo a Chisomo, Joni: Mlamu ndamuuza za Legal Aid, akuti apita Lolemba. Foni ya malemu ili ndi ine, mauthenga a Mukuru onse alimo. Ndani akukwera basi ya ku Blantyre sabata ino aitenge?

Achimwene Ndirande, Durban: Msuweni wanga anyamuka Lachinayi pa Park Station. Ndikutumizirani nambala yake kumbali.