Za msonkho zija, munthu ndamupeza

Abale, sabata yatha ndinafunsa za munthu wodalirika woti andilembere mafomu a msonkho ku SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa. Zikomo nonse, zatheka.

Munthu woyamba amene ndinamupeza, wa ku Hillbrow mu Johannesburg, ndinamuthawa. Asanaone n'komwe IRP5 yanga (chikalata cha kuntchito chosonyeza malipiro ndi msonkho umene anadula) anali atalonjeza kale kuti a SARS andibwezera ndalama zambiri, iye n'kudyapo gawo lake, komanso ankafuna password yanga ya eFiling, njira ya SARS yotumizira mafomu pa intaneti. Aa, ayi ndithu! Bodza likadzaululika, wogwidwa ndine, osati iyeyo.

Achimwene ena kutchalitchi anandilozera kwa mayi wina ku Randburg. Mayiwo anandipatsa nambala yawo ya PR (yosonyeza kuti analembetsa ku SARS ngati wothandiza anthu pa za msonkho), ndinakaitsimikizira pa webusaiti ya SARS, ndiponso ndi membala wa SAIT, bungwe la akatswiri a za msonkho. Mtengo tinagwirizaniranatu. Password sanaifunse, anangotumiza pempho pa eFiling, ine n'kuvomera. Malisiti akuti ndisunge zaka 5.