Mnyamata wa Sitandade 8 ku Dzaleka: masamu amawadziwa koma malikisi sakubwera

Nambewe: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Pa gulu lomwe ndimaphunzitsa masana ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka pali mnyamata wa zaka 16, anachokera ku Congo, kwawoko anali atayamba kale sekondale, zonse m'Chifalansa. Kuno anamuika Sitandade 7 chifukwa cha Chingerezi, pano ali mu 8, mayeso omaliza pulayimale a PSLCE ali pakhomo. Ndikalemba samu ya manambala okhaokha pa bolodi amamaliza ine choko chikadali m'manja. Ndikamupatsa past paper ya MANEB, amangopeza malikisi 31. Mock ya kusukulu chimodzimodzi. Ma word problem amangowadumpha, kugawa amalemba mwa njira yakeyake yomwe wochonga akungoikhwatcha, pa desimo amaika koma m'malo mwa kadontho. Chichewa ndiye musakambe, chimangirizo mizere inayi basi, zining'a ziro. Tsopano wayamba kujomba, Lachiwiri ndiye saoneka n'komwe. Dzana wandiuza kuti "madamu ine ndine wamkulu, kukhala ndi tiana kwandikwana." Miyezi yatsalayi ndilimbane ndi chiti? Chingerezi? Chichewa? Kapena ndingomuuza kuti chaka chino chipite adzabwereze? Za "kumulimbikitsa" musandiuze, ndalimbikitsa mpaka mawu kusasa.

Chisale wa Masamu: Madamu, kugawako si njira yakeyake ayi, ndi momwe amaphunzitsira m'sukulu za Chifalansa. Nambala yogawidwa imakhala kumanzere, yogawira kumanja, pakati mzere woima, yankho limatsikira pansi pa yogawirayo. Ife timaika yogawira kumanzere, yankho pamwamba. Samu ndi yomweyo, nyumba yake yokha ndiye yosiyana. Musamuchotsere njira yake panopa, mumusokoneza pachabe. Azisova pambali mwa kwawo, akapeza yankho azikopera mwa kuno pa malo oonetsa njira. Zimadya nthawi koma mwana wothamanga ngati ameneyo nthawi ali nayo. Komanso yang'anani 1 wake. Ana a ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda amalemba 1 wa kamchira kakatali kutsogolo, 7 amamudula pakati. Wochonga wotopa amawerenga 1 uja ngati 7. Ine ndinali ndi mtsikana amataya malikisi pa zimenezi zokhazi. Tengani mock ija muwerenge bwinobwino, mupeza kuti ena mwa malikisi otayikawo samu inali yokhoza.

Bambo Gondwe: Vuto ndi limodzi. Mumawayankhula Chiswahili. Ine ndapuma pa ntchito nditaphunzitsa Sitandade 8 mpaka imvi, ndipo ndikuti mwana amaphunzira Chingerezi akasowa pothawira. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse ndi m'Chingerezi kupatula Chichewa. Masamu, sayansi, social, zonse funso limabwera m'Chingerezi. M'chipinda cha mayeso mulibe womasulira. Akalowa pakhomo panu Chingerezi, akatuluka ayankhule chomwe akufuna.

Nambewe: Bambo Gondwe ine Chiswahili sindichidziwa n'komwe kupatula moni. Ndiye si chimenecho.

Bambo Gondwe: Koma anzake amamumasulira. N'chimodzimodzi.

Mwalimu wa m'kampu: Asisi a Nambewe, za Lachiwirizo musadabwe. Ndi tsiku la Mardi Marché, msika waukulu wa m'kampu muno. Mnyamata wa msinkhu umenewo ndiye kuti ali ku ganyu, kunyamula katundu kapena kuthandiza pa benchi ya munthu. Thandizo la bungwe la chakudya la WFP linachepa, ndalama ya pamwezi siifika kumapeto, ndiye pakhomo pakakhala mnyamata wa mphamvu onse amayang'ana iye. Mukamukalipira za Lachiwiri mumutaya ndi masiku enawo. Lichotseni tsikulo pa ndandanda, musakanganenso nalo. Muonenso nthawi yomwe mumayamba, chifukwa mzere wa pa mjigo nawo umadya ana ambiri.

Za kukhala ndi tianazo ndikuzimva bwino, ine ndinabwera kuno ndili mwana kuchokera ku Burundi ndipo ndinazionera kwa akulu anga. Ku Congo pulayimale ndi zaka 6, kuno 8. Munthu anamaliza pulayimale, analowa sekondale, anzake a msinkhu wake ena akuyandikira kumaliza, lero akumuimbitsa nyimbo pa asembule ndi ana a zaka 12. Si ulesi, ndi manyazi. Akulu anga anasiyira pomwepo, pano amasoka nsapato.

Nankhoma: Poyamba, a Nambewe, mwachita bwino osatchula dzina, koma chonde pasabwere chithunzi cha pepala lake pagulu pano, ngakhale wina apemphe kuti aone 1 ndi 7 uja. Pamwamba pa pepala pamakhala dzina. Chachiwiri, ndikudziwa komwe nkhanizi zimathera: mwana akayamba kujomba, wodzipereka amati ndimulondole kunyumba, kenako ndizimuphunzitsa payekha madzulo. Musatero. Mnyamata wa zaka 16, inu mayi, chipinda chotseka, anthu a m'kampu ndi ochuluka ndipo nyumba n'zothithikana, mawa lake nkhani yafala kale. Phunzitsirani poonekera, pakhale ana ena, chitseko chotsegula. Kunyumba mukapita mupite ndi munthu wa bungwe lanu komanso makolo kapena womulera adziwe. Ndipo kodi mukudziwa ngati ali ndi makolo? Ambiri a msinkhu umenewo anabwera okha kapena akuleredwa ndi anthu ongokumana nawo panjira. Ngati zili choncho nkhaniyi si ya Chingerezi yokha, iperekeni kwa oona za chitetezo cha ana.

Nankhoma: China. Pa chimangirizo musapereke mitu ngati "Ulendo umene sindidzaiwala" kapena "Tsiku loopsa m'moyo wanga". Imapezeka m'mapepala akale, inde, koma kwa ana awa mukutsegula chitseko chomwe simungathe kutseka. Mnzathu wina anapereka mutu wotero, mtsikana analemba masamba atatu a zomwe zinachitikira mayi ake, analira kalasi yonse, mphunzitsinso kulira, ndipo mtsikanayo sanabwerenso. Mpira, msika, kaphikidwe ka chapati, zimenezo zikukwana. Muwaphunzitse kuti pa mayeso nkhani yopeka imaloledwa.

Achimwene a ku Mponela: Haaa za kulondola kunyumba mwandikumbutsa. Ine wanga anali wa Fomu 2, wanzeru zoopsa, nsapato zothera. Ndinamugulira nsapato ndi kakalikuleta. Sabata yotsatira gulu lonse lili ndi mavuto a nsapato. Kenako amalume ake anabwera kudzandithokoza, pomaliza anatulutsa pepala la mankhwala. Nditakana, mnyamata anasiya kubwera, ati aphunzitsi atida. Kuyambira pomwepo chilichonse chimadutsira ku ofesi, ngakhale pensulo. Madamu, mtima udzakuuzani kuti mumulipire ndalama ya Lachiwiri kuti asapite ku ganyu. Musayerekeze.

Bambo Gondwe: Zonsezi n'zabwino koma funso la mayi uja silinayankhidwe. Mwana akulephera chifukwa samva funso. Samva funso chifukwa Chingerezi chake n'chochepa. Chingerezi n'chochepa chifukwa tsiku lonse ali m'Chiswahili, ndiye inunso ola limodzi lomwe muli nalo mukuloleza Chiswahili. Kale ku sukulu kwathu woyankhula Chichewa kapena Chitumbuka ankavala chikwangwani m'khosi. Ana ankasankhidwa kupita ku Dedza, ku Likuni, ku Robert Laws.

Mwalimu wa m'kampu: Bambo, ndi ulemu wonse, mnyamata akuthawa kale chifukwa cha manyazi, ndiye timuvekenso chikwangwani? Ndipo mwanayu amawerenga ndi kulemba Chifalansa. Mawu ambiri a masamu ndi sayansi m'Chingerezi amafanana ndi a Chifalansa: fraction, volume, distance, triangle, digestion. Mawu akuluakulu samuvuta. Omwe amamugwetsa ndi timawu tating'ono ta m'mafunso, left, each, altogether, share, how many more, remainder. Mulembeni timawu timeneti pa tsamba limodzi, iye mwini alembe tanthauzo m'chiyankhulo chilichonse chomwe akufuna, aziwerenga asanayambe pepala. Ma word problem a PSLCE amabwerezabwereza mawu omwewo chaka ndi chaka. Mukaletsa Chifalansa mwamulanda chida chokhacho chomwe anabwera nacho.

Bambo Gondwe: Chikwangwani sindinati mumuveke. Ndati ola limodzi la Chingerezi chokhachokha.

Chisale wa Masamu: Ndikugwirizana ndi Mwalimu pa timawu tija. Onjezani ndalama, profit and loss, discount, simple interest. Mwana wa pa msika amazidziwa kuposa ife, angosowa dzina lake. Koma chenjerani ndi kumuuza kuti abwereze. Wa zaka 16 ukamuuza kubwereza wamuuza kuti tsalani bwino. Alembe, zotsatira zikatuluka mudzaone.

Madamu a Chichewa: Pepala la Chichewa musalitaye lonse. Zining'a, miyambi ndi ndagi zisiyeni, zimenezo munthu amakula nazo, ngakhale ana a ku Area 47 zimawagwetsa. Pitani pomwe pali malamulo. Kalata ili ndi malikisi a kakonzedwe: keyala, tsiku, malonje, mutu ngati ndi ya ntchito, mathero. Zimenezo amaloweza masana amodzi. Kenako mitundu ya mawu, dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlumikizi, mperekezi. Mwana wophunzira Chifalansa galamala anaimwa kale, mungomupatsa mayina a Chichewa. Magulu a mayina nawo sachilendo kwa iye, Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi, Li-Ma, m'Chiswahili alimo ofanana nawo. Chokhacho, Chiswahili cha ku Congo sichisamala kwambiri za agwirizanitsi, ndiye mudzaona akulemba "chipatso yabwino". A ku Burundi ndi ku Rwanda pamenepa savutika kwenikweni.

Komanso gwiritsani ntchito ana omwe anabwera mu 2023, boma litalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka. Ambiri anabadwira ku Lilongwe, Chichewa chawo n'cha ku Mchesi ndi ku Kawale chenicheni, Chiswahili kapena Chinyarwanda amamvanso. Mukhazikeni ndi mmodzi wa msinkhu wake, wina aziphunzitsa mnzake Chichewa, winayo azibweza ndi masamu. Ameneyo akayamba kuphunzitsa masamu manyazi aja achepa.

Achimwene a ku Mponela: Ana a 2023 aja ndiye anatisokoneza bwanji. Kampu inamangidwira anthu pafupifupi 12,000, pano adutsa 50,000, ndiye kalasi yomwe inali yodzaza kale inalandiranso ena. Ine gulu langa la Loweruka linafufuma mpaka ena kumvera pa windo. Mmodzi anachokera ku pulaiveti ya m'tauni, Chingerezi chondiposa, amandikonza pa bolodi. Anakhala teremu imodzi osatsegula kope, ati tibwerera ku Lilongwe mawa.

Nambewe: Zikomo nonse. A Chisale ndayang'ana mock ija, zoonadi mafunso angapo yankho linali lokhoza, anakhwatchidwa chifukwa cha koma ndi 1 uja. A Nankhoma, amakhala ndi azakhali ake, zambiri sindinafunse. Koma lero sanabwerenso, ndipo si Lachiwiri. Mnzake akuti akuphunzira kumeta pa babashopu. Ndikuganiza zomuuza za WUSC, bungwe lomwe limatumiza ophunzira othawa kwawo ku yunivesite, kuti akalimbikira atha kupita ku Canada, mwina angabwerere.

Nankhoma: Ayi ayi ayi. Canada musamutchule. WUSC imatenga omwe amaliza MSCE ndi mapointi abwino kwambiri, ndipo opita amakhala ochepa poyerekeza ndi ofunsira. DAFI, thandizo lina la maphunziro la othawa kwawo, nayonso ndi ya ku yunivesite. Mwana ali Sitandade 8, patsogolo pake pali PSLCE, JCE, MSCE. Mawu a mphunzitsi m'kampu amatengedwa ngati lonjezo la ofesi. Mukati "utha kupita", kunyumba akanena kuti madamu andilembetsa. Zikadzakanika adzakufunsani inu, osati WUSC.

Mwalimu wa m'kampu: Zoona zimenezo. Ndipo za Canada amazidziwa kale kukuposani, m'kampu muno mwana aliyense amadziwa nyumba yomwe munachoka munthu. Za babashopu musadane nazo. Lamulo silimulola kutuluka kukafuna ntchito m'tauni, ndiye luso la m'manja ndi lomwe limadyetsa anthu kuno. Mufunseni kuti amameta nthawi yanji, mumupatse maola ena. Kukakhala kusankha pakati pa lumo ndi inu, asankha lumo.

Bambo Gondwe: Ku babashopu kumeneko akayankhula chiyankhulo chanji? Ndiye mudzati sindinanene. Ola limodzi. Chingerezi chokhachokha. Past paper tsiku lililonse, kuchonga pomwepo.

Chisale wa Masamu: Bambo past paper tsiku lililonse tizisindikiza ndi chiyani? Ine pepala limodzi amagawana anthu asanu. Fotokope ku Dowa boma yakweranso.

Achimwene a ku Mponela: Yathiransipoti ya teremu yatha inuyo munalandira? Ine ndikuyendera ya m'thumba, kabaza kuchokera pa mphambano wakwezanso mtengo. Akuti mafomu anasochera.

Madamu a Chichewa: Ifenso ayi. Choko tikugula tokha. Ndipo kuzizira kukayamba ku Dowa kuno ana a masana amathawa 4 koloko isanakwane, chipinda chija mawindo alibe magalasi.

Woyang'anira gulu: Za thiransipoti tiyeni tikambe Lachisanu pa msonkhano, pano tisasokoneze funso la a Nambewe. A Nankhoma, tumizaninso pepala la malamulo a chitetezo cha ana, alipo atsopano atatu sanasaine.

Chisale wa Masamu: Amene ali ndi mapepala a Primary Science a zaka zapitazi andiponyere ku inbox, anga ananyowa ndi mvula.

Achimwene a ku Mponela: Kiyi wa chipinda cha Loweruka ali ndi ndani? Sabata yatha tinaphunzirira pa khonde.