P0171 pa Toyota Probox: ndigule sensa ya oxygen kapena vuto lili pena?

Chimwala25 analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Toyota Probox ya injini ya 1NZ-FE imene ndimanyamulira katundu wa m'shopu, ndipo kwa kanthawi ndithu nyali ya check engine yakhala ikuyaka osazima. M'mawa ndikangoiliza, injini imanjenjemera ngati ikufuna kuzima, koma ndikalowa mumsewu imathamanga bwinobwino, ngakhale pokwera chitunda itasenza katundu. Ndikaima pa mphambano imayambanso kugwedezeka. Pa garaja ina anailumikiza ku kompyuta ndipo panatuluka P0171, imene anandiuza kuti ikutanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Anaifufuta, koma sipanatenge nthawi nyali inayakanso, ndipo tsopano akuti ndigule sensa ya oxygen yatsopano, imene mtengo wake si wamasewera. Kodi pali njira yotsimikizira kuti sensayo ndi imene yafa ndisanatulutse ndalama?

AmisiriKatoto anayankha:

Achimwene, musagule kaye. P0171 sikutchula chipangizo chimene chawonongeka. Ikungonena kuti sensa ya mu ekizozi yaona oxygen wochuluka mu utsi, ndipo kompyuta yawonjezera mafuta mpaka yafika pamalire amene inaikiridwa. Kawirikawiri sensa imene yatulutsa uthengawu imakhala ikugwira ntchito yake bwino, ndipo kuisintha kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa wanena kuti mpanda waboka.

Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera kwake. Kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya kuchokera ku sensa ya MAF, imene ili pa bokosi la air cleaner, kenako imatsegula ma injector kwa nthawi yoyenerana ndi mpweyawo, ndipo sensa ya mu ekizozi imaiuza ngati yalondola. Ikaona kuti mafuta achepa imawonjezera, ndipo kuwonjezerako kumaoneka pa manambala awiri, STFT ya nthawi yomweyo ndi LTFT imene kompyuta imaphunzira ndi kusunga. Injini yabwino imakhala pafupi ndi 0, mwina +5 kapena -5 peresenti. Mukaphatikiza awiriwo n'kupitirira +10, pali chimene chikulakwika.

Bwererani kwa wa kompyuta uja, kapena bwerekani kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto ka ELM327 kolumikiza ku foni, ndipo injini itatentha mulembe manambala awiriwa kawiri: koyamba ikulira yokha pa idling, kachiwiri mutaponda moto n'kuigwira pa 2500 rpm. Ngati ali okwera pa idling koma n'kutsika pa 2500, mpweya ukulowera pena pake kuseri kwa MAF osawerengedwa. Chifukwa chake n'chakuti pa idling throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) imakhala yotseka, manifold (mapayipi ogawira mpweya ku ma silinda) imakoka mwamphamvu, ndipo mpweya wonse umene injini ikudya ndi wochepa, moti kabowo kakang'ono kamasokoneza muyeso wonse. Mukatsegula throttle, mpweya wa pa kabowoko umamira mu mpweya wambiri wolowera njira yake. Ngati manambala ali abwino pa idling koma n'kumakwera mukaponda moto, maso akhale pa MAF, pampu ya mafuta, sefa ndi ma injector.

Zimene mwafotokozazi, makamaka kunjenjemera kwa m'mawa ndi kukwera chitunda mosavuta, zikundionetsa kuti mpweya ukulowa mozemba penapake. Rabala ndi gasket zimafota kukazizira ndipo zimatsekako pang'ono injini ikatentha. Yang'anani payipi ya PCV, yobwezera nthunzi ya m'injini ku manifold, yochokera pa chivundikiro cha ma valve, payipi yopita ku brake booster, payipi ya purge valve, payipi yaikulu yapakati pa air cleaner ndi throttle body makamaka m'makwinya ake a pansi, ndiponso gasket ya manifold. Njira yabwino koposa ndi makina opopera utsi mu manifold, chifukwa utsiwo umatulukira pomwe pali bowo. Ena amapopera carb cleaner molowana zinthu n'kumaona ngati STFT igwa mwadzidzidzi, ndipo zimathandizadi, koma mankhwalawo amayaka moto. Pa 1NZ-FE manifold ya mpweya ili kutsogolo ndipo ekizozi ili kumbuyo, choncho popera pang'onopang'ono, kutali ndi ekizozi ndi ma coil.

NaPhiriBT anayankha:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Katoto pa kayezedwe kake, koma MAF musaiike kumapeto kwa mndandanda, chifukwa misewu yathu yafumbi imaidetsa msanga, makamaka pamene sefa ya mpweya ndi yotchipa yosakhala bwino m'bokosi mwake, kapena pamene yaphulitsidwa ndi compressor mpaka pepala lake kubooka. Mukachotsa MAF, pomasula tizikuluwu tiwiri, mudzaona kamutu kooneka ngati dontho koonekera panja. Kameneko ndi koyeza kutentha kwa mpweya, ndipo ambiri amatsuka kameneko n'kuganiza kuti atha. Timawaya tiwiri toyeza mpweya tili mkati mwa kamphako, ndipo muyenera kuunikamo ndi tochi kuti mutione. Fumbi likatikuta, sensa imawerenga mpweya wochepa kuposa umene ukudutsa, kompyuta n'kupereka mafuta ochepa.

Tsukani ndi mankhwala a MAF kapena contact cleaner yosasiya mafuta, osakhudza mawayawo ndi kansalu kapena waya, ndipo muisiye iume musanaibwezere. Pa injini ya malita 1.5 yotentha, AC ndi nyali zili zozima, MAF imawerenga pafupifupi 2 g/s (magalamu a mpweya pa sekondi) pa idling. Ikawerenga pansi kwambiri, mwina ndi yakuda, mwinanso mpweya ukuizemba monga anenera anzanga.

Chinanso, mvetserani ekizozi injini ili yozizira. Ngati pali kaphokoso kothetheka pafupi ndi manifold ya ekizozi kapena pa joini isanafike sensa, mpweya wakunja umakokedwera mkati ndipo sensa imanena kuti mafuta achepa pamene m'ma silinda muli mafuta okwanira. Galimoto zimene zimagunda pansi m'misewu yamaenje zimakhala ndi vutoli.

MaloyaZomba anayankha:

Ine ndiwonjezere za mafuta. Ngati munathirapo petulo wa m'zigubu pa nthawi imene mafuta ankasowa, zinyalala ndi madzi zikhoza kutseka kasefa ka pansi pa pampu. Pa injini imeneyi pampu, sefa ndi regulator zonse zili m'thanki, ndipo mphamvu ya mafuta iyenera kukhala pakati pa 304 ndi 343 kPa, kapena 44 mpaka 50 psi, zimene zimadziwika ndi geji basi. Kumva pampu ikulira mukatembenuza kiyi si umboni wakuti ikupopa mokwanira. Komabe galimoto imene ikukwera chitunda ndi katundu popanda kutsamwa, pampu yake sindingaikayikire koyamba.

Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol ali ndi oxygen mwa iye yekha ndipo muyeso wake ndi pafupifupi 9 pa 1, moti petulo wokhala ndi 10 peresenti ya ethanol amafuna pafupifupi 14.1 m'malo mwa 14.7. Ndiye kuti LTFT yokwerako pang'ono pamwamba pa 0 si matenda pa galimoto zathu. Ethanol yekha sangayatse P0171, koma amadyako gawo la malire a kompyuta, ndipo kabowo kapena MAF yakuda ikabwera, malirewo amatha msanga.

Chimwala25 analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Tayeza monga munanenera. Pa idling LTFT inali +24 ndipo STFT inkasewera pakati pa +6 ndi +9, pamene pa 2500 rpm LTFT inatsika kufika pa +8 ndipo STFT inali pafupi ndi 0. MAF inkawerenga 1.4 g/s. Titapinda payipi ya PCV pafupi ndi polowera mu manifold, tinapeza mng'alu kunsi kwake, wautali ngati chikhadabo, umene sunkaoneka payipiyo ili chikhalire, ndipo rabala yake inali itauma gwa moti inkasweka poifinya. Titatseka mng'aluwo ndi chala, kulira kwa injini kunasintha pomwepo ndipo STFT inagwa kufika pa -15. Tasintha payipiyo ndipo kunjenjemera kwatha. Kodi +8 ya pa 2500 ija ndiide nayo nkhawa?

AmisiriKatoto anayankhanso:

Kugwa kwa STFT kufika pa -15 kukusonyezanso kuti sensa imene ankafuna kuti mugule ija ili moyo, popeza yaona kusinthako nthawi yomweyo. Tsopano fufutani code pamodzi ndi zimene kompyuta inaphunzira, pochotsa waya wa negetivu wa batire kwa kanthawi, chifukwa ikapanda kutero idzayamba ndi +24 yakale n'kumathira mafuta ochuluka mpaka itaphunziranso. Yendani nayo m'tauni ndi pa msewu waukulu, kenako muyezenso pa idling ndi pa 2500.

Gawo lina la +8 ija likhoza kukhala la ethanol amene a Maloya afotokoza, ndipo lina la MAF yakuda, choncho itsukeni monga anenera mayi Phiri. Valve ya PCV yeniyeniyo muichotse n'kuigwedeza: iyenera kulira kachitsulo mkati, ndipo ikakhala chete yamatidwa ndi oilo, isintheni. Masulaninso mapulagi muone nsonga zake, chifukwa injini imene yayenda nthawi yaitali ndi mafuta ochepa imawasiya otuwa mbuu, nthawi zina atadyeka. Ngati mutatsuka MAF nambala ya pa 2500 ipitirira +10, kapena izikwera mukamakwera chitunda, apo ndiye mupeze geji muyeze mphamvu ya mafuta.