Mutu wa "anthu okhudzidwa" m'ndondomeko ya zinyalala za nyukiliya: ndiulembe bwanji?

Nachisale:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili m'komiti yolemba ndondomeko ya dziko yosamalira zinyalala za nyukiliya, ndipo ine andipatsa mutu wonena za momwe anthu okhudzidwa adzatengere mbali. Dziko lake lilibe reactor ya magetsi. Zomwe zilipo ndi ma source (tizitsulo totsekedwa totulutsa radiation) otha ntchito: cobalt-60 wa makina akale a khansa, caesium-137 wa mageji a m'mafakitale, americium wa mageji a omanga misewu, ndi singano zingapo za radium. Zonsezi zangomwazikana m'zipinda za eni ake, ndipo ndondomeko ikufuna pamangidwe nkhokwe imodzi ya dziko lonse.

Apampando akuti mutuwu usapitirire tsamba limodzi. Tikamaliza chikalata tiitane anthu ku hotela tsiku limodzi, amve, avomereze, asainire, basi. Mtima wanga sukuvomera, koma ndikufuna mfundo zoti ndikaime nazo pamaso pawo. Ndiitane ndani, nthawi iti, ndipo mawu awo akhale ndi mphamvu yanji?

Mbewe:
Mayi, yambani mwapatula zinyalalazo, chifukwa si zonse zofuna msonkhano. Technetium-99m wa m'zipatala mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6, iodine-131 pa masiku 8. Zimenezo timangotsekera m'chipinda, n'kudikira, n'kuyeza ndi mita, n'kutaya ngati zinyalala zina za m'chipatala. Mukaziphatikiza ndi zinazo muopseza anthu pachabe. Nkhani ili pa amene mphamvu yawo imatenga zaka kuti itsike ndi theka: caesium wa zaka 30, americium-241 wa zaka 432 ndi radium-226 wa zaka 1,600. Amenewo ndiwo adzapeze zidzukulu za amene musainirane nawo.

Pa mndandanda wa oitanidwa, ndikubetcha kuti muli maunduna, zipatala, yunivesite ndi mabungwe a zachilengedwe. Ogula zitsulo zakutha alipo? Ku Goiânia ku Brazil mu 1987, amuna awiri anatenga mutu wa makina a khansa m'chipatala chosiyidwa, n'kukagulitsa kwa wogula zitsulo. Mwini malo ataona ufa ukuwala mobiriwira ngati thambo usiku, anagawirako abale ndi anansi. Unali caesium wosakwana ndi magalamu 100 omwe. Anthu 4 anamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 6 komwe kanadya chakudya ufawo uli m'manja. Anthu oposa 112,000 anakayezedwa, 249 anapezeka nawo. Amene anazindikira kuti chikudwalitsa banja ndi chitsulocho anali mkazi wa mwini malo uja, ndipo anachinyamula m'thumba, n'kukwera nacho basi kupita ku ofesi ya zaumoyo. Nayenso anamwalira. Ku Samut Prakan ku Thailand mu 2000 zinabwerezanso ndi cobalt-60, pamalo a zitsulo zakutha, anthu 3 n'kufa. Source ikasochera imathera m'manja mwa anthu amenewa, ndiye aitaneni. Muonjezere a kasitomu a m'malire, ozimitsa moto ndi madalaivala onyamula katundu woopsa.

Gondwe:
A Mbewe anena za ndani. Ine ndinene za nthawi, poti ndi pamene mayiko ambiri anagwera.

Njira ya apampando anu si yachilendo. Akatswiri amasankha okha, kenako amalengeza, kenako amayamba kudziteteza. Germany inaloza Gorleben mu 1977 kuti akhale malo otayirako zinyalala za nyukiliya, anthu anakana kwa zaka zoposa 40, ndipo mu 2020 malowo anachotsedwa pa mndandanda. Ku America, mu 1987 aphungu analamula kuti afufuze phiri la Yucca lokha, boma la Nevada lisakufuna. Ndalama zankhaninkhani zinalowa m'phirimo, koma mpaka lero mulibe chinyalala ngakhale chimodzi. Ku Sweden, ataona makina obowolera miyala akubwera ku Kynnefjäll mu 1980, anthu a m'deralo anaika kanyumba pamsewu n'kumalondera usana ndi usiku mosinthana kwa zaka 20.

Sweden yomweyo itasintha njira, kampani ya SKB, yosamalira zinyalala za nyukiliya m'dzikolo, inayamba kufunsa makhonsolo ngati akufuna kuti dera lawo lifufuzidwe, ndi lonjezo loti akakana, ichoka. Storuman inakana pa voti mu 1995, Malå mu 1997, ndipo SKB inalongedzadi n'kuchoka. Madera ena ataona kuti "ayi" amamveka, mantha okambirana anachepa. Mu 2009 anasankha Forsmark, khonsolo ya Östhammar ikuvomera. Ku Finland lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yokana, ndipo ya Eurajoki inavomera Onkalo, malo okwiririra zinyalala pansi pa nthaka, mu 2000 ndi mavoti 20 kwa 7.

Tsono mwana wanga, m'mutu wanuwo musalembe kuti "anthu adzafunsidwa maganizo". Mawu amenewo samanga munthu. Lembani chomwe maganizo awo angasinthe, ndi chomwe sangasinthe. Malire a radiation omwe munthu angalandire si a voti. Koma malo, msewu wodutsa magalimoto, nthawi yomwe nkhokwe idzakhale, komanso kuti adzayang'anire ndani, zonsezo ndi zokambirana.

Kalua:
Achikulire, ndikulemekezani, koma apa sindikugwirizana nanu kwenikweni. Zitsanzo mwaperekazo ndi za mafuta a reactor matani masauzande, okwiriridwa mamita oposa 400 pansi. Zomwe a Nachisale ali nazo, mukazichotsa m'makina n'kuzilongedza bwino, mwina sizingadzaze ndi kontena imodzi. Ndiye tiyambe ulendo wa zaka 20 chifukwa cha kontena? Komanso tisaiwale kuti Eurajoki ndi Östhammar ali kale ndi ma reactor pakhomo, anthu ake amagwira ntchito momwemo. Sanavomere chifukwa cha misonkhano yokha.

Ndipo mphamvu yokana ili ndi mtengo wake. Ku Cumbria ku Britain mu January 2013, makhonsolo a Copeland ndi Allerdale anavomera kupitiriza, khonsolo yaikulu ya chigawo inakana, ntchito ya zaka zingapo n'kuthera pomwepo. Pamene tikudikira kuti wina avomere, source ija ili m'chipinda cha loko wa dzimbiri kuseri kwa fakitale yomwe inatsekedwa. Ineyo ndi imene imandisowetsa tulo, osati voti.

Chirwa:
A Kalua, Cumbria yomweyo ine ndimaiwerenga mosiyana. Vuto silinali kupereka mphamvu yokana, koma kuipereka kwa makhonsolo a misinkhu iwiri popanda njira yothetsera akasemphana. Mu 2018 analembanso ndondomeko yawo: dera likhoza kutuluka nthawi iliyonse mpaka tsiku lomwe anthu ake adzafunsidwe komaliza ngati akuvomera, ndipo pambuyo pake khomo limatsekeka. Apa ndi pamene a Nachisale akuyenera kunolera cholembera. Wokana ndi ndani, ndipo ufulu wake ukutha liti?

Chitsanzo chofanana kwambiri ndi chanu ndi Kimba ku Australia, chifukwa kumeneko sinali nkhani ya mafuta a reactor ya magetsi, zambiri zinali zochokera ku ntchito ya mankhwala a nyukiliya ndi kafukufuku. Mu 2019 anachititsa voti, pafupifupi 62 peresenti anavomera. Koma a Barngarla, eni nthaka a makolo, ambiri sanali m'kaundula wa ovota wa khonsoloyo, choncho sanawerengedwe. Anapita kukhoti. Mu July 2023 khoti la feduro linathetsa chisankho cha malowo, ponena kuti zinkaoneka ngati nduna inali itamanga kale mfundo isanamve mbali zonse, ndipo mwezi wotsatira boma linasiya ntchitoyo. Muwauze apampando kuti msonkhano wongosainitsa chinthu chophikaphika ukhoza kudzasanduka umboni wokugwetsani m'khoti.

Chinanso, bungwe loyang'anira za radiation lisakhale ndilo loitanitsa misonkhano yosankha malo. Lidzapereka bwanji laisensi mosakondera litakhala kale kutsogolo likunyengerera anthu? Aitanitse ndi amene adzayendetse nkhokwe kapena unduna. Oyang'anira abwere ngati oyankha mafunso, akhale pa mpando wawo.

Kalua:
Za Kimba ndamva. Koma nkhawa yanga ya ma source omwazikana sinayankhidwe.

Gondwe:
Iyankhidwe pogawa ntchito pawiri. Kusonkhanitsa ma source ndi kuwasunga mongoyembekezera, pamalo omwe ali kale ndi laisensi ndi alonda, kusadikire voti ya aliyense. Pamenepo oyandikana nawo auzidwe, awone, afunse, koma ntchito ipitirire. Kutaya kwamuyaya, kaya ndi m'chitsime chakuya monga njira yomwe inayambira ku South Africa, ndiko kofuna chilolezo cha dera. Mulembenso kuti source yatsopano isalowe m'dziko popanda pangano loti wogulitsa adzaitenganso ikatha ntchito. Malangizo a IAEA (bungwe la mayiko onse loona za nyukiliya) a ma source otha ntchito amalimbikitsa zimenezo, ndipo mulu wanu umaleka kukula. Koma mawu oti "mongoyembekezera" muwaikire zaka. Anthu amadziwa kuti chosakhalitsa cha boma chimakhalitsa.

Tadala:
Ine ndine wa zofalitsa mauthenga, za kayezedwe ka radiation ndikusiyirani akuluakulu. Chomwe ndaona n'chakuti anthu satopa ndi kufunsidwa, amatopa ndi kusayankhidwa. Ikani m'ndondomeko kuti ganizo lililonse lidzalembedwa m'kaundula, pambali pake padzakhala yankho: talandira, tasintha ndime yakuti, kapena takana pa chifukwa chakuti. Kaundulayo asindikizidwe chikalata chisanapite ku nduna. Ndi ntchito yotopetsa, koma munthu akapeza funso lake pa mzere 47 lili ndi yankho, ulendo wina amabweranso.

Ku Belgium bungwe la zinyalala linapereka ndalama kuti anthu a ku Dessel ndi ku Mol akhale ndi magulu awoawo kuyambira 1999 ndi 2000, okhala ndi ofesi ndi ufulu woitana akatswiri omwe iwo akuwakhulupirira. Anthuwo anathandiza nawo kujambula mapulani, ndipo mu 2006 boma linasankha Dessel. Ku Sweden nako mabungwe otsutsa ankalandira ndalama kuchokera ku thumba la zinyalala kuti aziwerenga malipoti a SKB. Popanda zimenezi mumakhala ndi injiniya wa masamba 300 mbali ino, mbali inayo mlimi wongogwedeza mutu.

Pa msonkhano pitani ndi source yabodza yopanda kanthu m'kati, anthu aigwire, aone kuti ndi kachitsulo kochepa ngati chala. Tengani mita, muyeze pansi, pakhoma, pa thumba la feteleza wa potashi, amve ikulira pa zinthu zomwe amakhala nazo tsiku ndi tsiku. Mitayo muipereke m'manja mwa amene akutsutsa kwambiri, ayeze yekha.

Mbewe:
Pa za ndalama chenjerani ndi kasanjidwe. Ku South Korea anthu a ku Buan anachita zionetsero zoopsa mu 2003 mpaka boma linabwerera. Kenako linakhazikitsa lamulo lonena poyera zomwe dera lolandira lidzapeze, mawoni (ndalama za ku South Korea) 300 biliyoni, ndipo mu 2005 Gyeongju inavomera ndi 89.5 peresenti pa voti yopikisana ndi madera ena. Zinatheka, komabe ena mpaka pano amati voti imeneyo inagulidwa. Phindu la dera lilembedwe malo asanadziwike, likhale lofanana kwa aliyense wodzalandira, ndipo lipite ku thumba la dera, osati m'matumba a atsogoleri.

Nachisale:
Zikomo nonse, tsamba limodzi lija lakana kale. Ndikapempha kuti msonkhano wa ku hotela ukhale woyamba, chikalata chikadali ndi mipata, osati womaliza. Koma pali pomwe apampando adzandigwire. Adzati za ma source ndi chinsinsi cha chitetezo, sitingauze anthu wamba. Ndiyankhe chiyani?

Gondwe:
Muwavomereze theka. Chobisa ndi dzina la nyumba yomwe muli source, mtundu wa maloko ndi ma alamu, tsiku ndi msewu womwe galimoto idzadutse. Chiwerengero cha ma source m'dziko lonse, mitundu yake, magulu ake kuyambira 1 mpaka 5 monga IAEA imawasanjira, ndi zaka zomwe adzakhale oopsa, zimenezo si chinsinsi. Mayiko omwe ali mu Joint Convention ya 1997, pangano la mayiko losamalira zinyalala za nyukiliya, amalemba kuchuluka kwa zinyalala zawo m'malipoti, ndipo ambiri amawaika pa intaneti. Mulembe ndime yotchula zobisikazo mayina, imodzi ndi imodzi, n'kunena kuti china chilichonse chomwe sichili pa mndandandawo ndi chapoyera. Mukasiya kuti "zachitetezo" zikhale mawu otambasuka, mudzapeza ngakhale lipoti la madzi a pansi pa nthaka aliika chidindo cha chinsinsi.

Chirwa:
Ndimeyo mukailemba munditumizire ndiione isanapite ku komiti. Muikemonso kuti wokanizidwa chikalata akadandaule kwa ndani, ndipo ayankhidwe pasanathe masiku angati.